Mwendo wa Piloto

Pakhomo pa a Nicolau, m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera ku Milange kulowera ku Molumbo, panali galu wofiirira wa chifuwa chachikulu, dzina lake Piloto. Amene anabwera naye anali Cremilda, mwana wawo wamkazi, adakali kamtsikana ka ku pulayimale. Anakamutola kuseri kwa tchalitchi maso asanatseguke bwino, n'kumamumwetsa phala ndi chala. Tsopano Cremilda anali mphunzitsi pasukulu ina ya kumidzi ya ku Molumbo, ndipo Piloto anali atachita imvi kukamwa konse.

Adakali ndi mphamvu, galuyo ankathamanga pambali pa njinga ya a Nicolau mpaka kumalire, iwo akamapita ndi matumba a chimanga kapena nandolo kukagulitsa ku Muloza. Sankawoloka. Ankagona tsidya lino pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, mpaka mbuyake atabwerako. Onyamula katundu pamalirepo ankamuitana dzina, ena a iwo osadziwa n'komwe dzina la mwini wake. Koma ukalamba unamupeza. Makutu anayamba kugontha, maso anachita nkhungu, ndipo ulendo wake wautali unangotsala wochoka pakhonde kupita padzuwa, dzuwa likawawa n'kubwerera pakhonde.

Chaka chimenecho, nandolo atayamba kuuma, vumbwe analowa pabwalo dzuwa likuswa mtengo n'kugwira thadzi la anapiye anthu akuona. Nkhuku zinabalalika, a Alzira, akazi awo a Nicolau, anakuwa mpaka mawu kusasa, koma Piloto anangotukula mutu, n'kuyasamula, n'kugonanso. Tsoka lake, tsikulo pakhomopo panali a Leonardo, achimwene awo a Alzira, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Alamu," anatero a Leonardo akupukuta misozi ya phwete, "galu wanuyu analowa reforma, anapuma pantchito kalekale. Mungomugulira mpando ndi wailesi, azimvera nkhani."

A Nicolau anaseka nawo, koma mawuwo anawakhala pamtima.

Sabata yomweyo, atatsitsa matumba awo ku Muloza, anaona tiana ta galu tikulimbirana mawere kuseri kwa benchi ya mayi Suzete, wogulitsa mandasi amene ankamugula tsiku lililonse akawoloka. Kamodzi kanasiya anzake n'kubwera kudzaluma chingwe cha nsapato yawo. Kanali kakuda, mapazi akuluakulu osalingana ndi thupi.

"Katengeni," anatero mayi Suzete. "Andithera ufa amenewa. Koma kwanu kulibe galu wina?"

"Alipo, koma nkhalamba. Mano anatha."

"Nkhalambazo ndiye zovuta. Musakangokatula pakhonde ngati thumba la mchere. Akakumane kaye kunjira, anunkhizane. Ndipo aliyense mbale yake, mwamva?"

A Nicolau anavomera ndi mutu, maso ali pa kagaluko. Anakalowetsa m'jekete, n'kukagawira bisiketi panjira, ndipo pofika kunyumba anali atakatcha kale dzina loti Bolacha, kutanthauza bisiketi m'Chipwitikizi. Malangizo a mayi Suzete anatsala kumalire komweko. Anangofikira pakhonde n'kukatsitsa pamphuno penipeni pa Piloto.

Galu wamkuluyo anadzidzimuka. Ananunkhiza kamlendoko kuyambira kumutu mpaka kumchira, ubweya wa pamsana utaima, kenako anatembenuka n'kukagona kumapeto kwa khonde, nkhope italoza kukhoma.

"Mwini khomoyu mwamupempha?" anafunsa a Alzira ataima pakhomo la khitchini.

"Azolowerana," anayankha amuna awo.

Kagalu kanali kosangalatsa, zimenezo palibe akanatsutsa. Kankathamangitsa mchira wake, kankagwera m'dengu la nandolo, kankauwa chithunzithunzi chake chomwe. A Nicolau, amene anali atayamba kuiwala kuseka chichokere Cremilda, ankapezeka atagwada pabwalo akukakoka ndi chisanza. Akabwera kumalire, Piloto ankadzuka pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mchira ukugwedezeka, koma asanafike Bolacha amakhala atakwera kale m'manja. Galu wamkuluyo ankaima pakatikati pa bwalo kanthawi, kenako n'kubwerera. Kagaluko katayamba kulira ndi kuzizira kwa m'mamawa, a Nicolau anasolola chiguduli chomwe Piloto ankagonera n'kukayalira. Anati galu wamkulu ali ndi ubweya wokwanira. Mbale inali imodzi yomwe ija yachitsulo, yopindika m'mphepete.

Tsiku lomwe zinachitika, a Nicolau anabwera atakwiya kale. Tayala linawaphulikira asanafike ndi theka la njira, ndipo anakankha njinga dzuwa lili pamutu, thumba lili pakaliyala. Pakhomo anapeza a Leonardo atakhala pamthunzi akutafuna nzimbe. A Alzira anali atangomaliza kusinja, musi uli chotsamira pamtondo, ndipo anathira mkute ndi mitu ya nsomba za kalapau m'mbale ya agalu. Piloto anayamba kudya mwa pang'onopang'ono, kutafunira mbali yomwe inatsala ndi mano. Bolacha kanabwera kothamanga, kanalowa ndi miyendo yomwe m'mbalemo n'kutsomphola mutu wa nsomba womwe unali kale kukamwa kwa mkuluyo.

Piloto anakagwira pakhutu n'kukapanikiza pansi. Kagaluko kanalira ngati kakuphedwa.

"Akapha! Alamu, akapha kameneko!" anakuwa a Leonardo.

A Nicolau sanaganize. Dzanja linangopeza musi. Anaukweza ndi manja awiri n'kuutsitsa ndi mkwiyo wonse wa tsikulo, wa tayala, wa dzuwa, wa vumbwe, wa kuseka kwa alamu awo. Unagwera Piloto m'chiuno. Panamveka kulira kwa chinthu chothyoka, ngati phesi louma, ndipo galuyo sanauwe. Anangotulutsa kamawu kamodzi kakang'ono, n'kutembenuza mutu kuti aone chomwe chamugunda. Maso ake a nkhungu aja anapeza a Nicolau ataima, musi uli m'manja. Anawayang'ana. Kenako anadzikoka ndi miyendo yakutsogolo, wakumbuyo umodzi ukukwekwereka m'fumbi, mpaka analowa pansi pa nkhokwe.

A Alzira ananyamula Bolacha n'kukatsuka khutu ndi madzi a mchere. Bala lake linali kamzere chabe, ngati podzicheka ndi lumo. Asanamalize n'komwe, kagaluko kanali katayamba kale kunyambita zala zawo.

"Akanafuna kukapha akanakapha," anatero a Alzira mosakweza mawu, osayang'ana amuna awo. "Amangokalangiza."

A Leonardo anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sanazimasule, ndipo ananyamuka nzimbe ili m'manja.

M'mawa mwake a Nicolau anagwada pambali pa nkhokwe ndi mbale ya phala lothira mazira. Anaitana ndi likhweru lomwe ankamuitanira kumalire, kenako ndi dzina. Mumdima wa pansipo ankangoona nthiti zikukwera ndi kutsika. Anakankhira mbale mkati. Piloto anatembenuzira mutu kwina. A Nicolau anadikira mpaka mawondo kuchita dzanzi, phala n'kuzizira. Atachoka, a Alzira anapita ndi mbale yomweyo, ndipo ali kuseri kwa nyumba a Nicolau anamva lilime likunyambita chitsulo.

Anatumiza uthenga kwa a José, amene ankayendera ziweto za m'deralo pa njinga yamoto. A José anamutulutsa galuyo mothandizana ndi a Alzira, anamugoneka pamphasa n'kumupapasa m'chiuno ndi zala. Piloto ananjenjemera koma sanalume.

"Fupa lasweka pamwamba pomwe," anatero a José. "Pa msinkhu wakewu silingalumikizane bwino. Adzayenda, koma ndi itatu. Chinamuchita n'chiyani?"

A Nicolau anayang'ana kumsewu. "Njinga yamoto," anatero. "Anyamata a mumsewuwa amathamanga ngati amisala."

A Alzira anali akupeta nandolo chapafupi. Lichero linaima. Patapita kanthawi linayambiranso.

A José anamubaya jekeseni yochepetsa ululu n'kupita. Ndipo Lamulungu lotsatira, atatuluka ku Misa, foni inalira: Cremilda, atakwera pachulu pomwe amapezera netiweki. Anafunsa za nandolo, za msana wa mayi ake, kenako monga mwa nthawi zonse anati, "Nanga mkulu wanga Piloto?"

Bodza lomwe lanenedwa kale silivuta kutuluka kachiwiri. A Nicolau anadabwa okha ndi mmene mawu anayendera. Anawonjezeranso kuti njingayo inali yofiira.

"Sanaime n'komwe?" anafunsa Cremilda. "Pai, bambo anga, munthu wotere ndi munthu? Galu wokalamba, wosamva, analakwira ndani? Mulungu amuone ameneyo."

"Amuone," anatero a Nicolau. Foni itaduka anakhalabe ataigwira pakhutu.

"Bambo a Cremilda," anatero a Alzira akuvula mpango wa kutchalitchi, "ine sindinena kanthu kwa mwanayo. Koma musandiuze kuti ndivomereze za njinga yofiira."

Agaluwo anagwirizana okha, kapena tinene kuti anawagwirizanitsa a Alzira. Anapeza chivundikiro chakale cha poto kukhala mbale yachiwiri, ndipo pa nthawi ya chakudya ankakhala pakati pawo ndi kamtengo m'manja. Chiguduli anachibweza kwa mwini wake. Bolacha, kamene sikankasunga mangawa, kanayamba kukwawira pansi pa nkhokwe, poyamba n'kumathamangitsidwa ndi kubangula, kenako n'kumaloledwa kugona kumapazi. Pofika nthawi yopanga mizere kumunda, munthu ankawapeza atagona pamodzi, kamutu kakuda kali pamimba yofiirira. Piloto anayamba kuyenda ndi miyendo itatu, wachinayi uli lende, wowonda ngati ndodo.

Koma a Nicolau akangolowa pabwalo, galuyo ankadzuka movutikira n'kulowera kuseri kwa khitchini. Sankathawa mwa mantha, sankabangula, ankangochoka monga amachitira munthu akaona wina amene safuna kuyankhula naye. Chomwe chinawapweteka kwambiri n'chakuti Bolacha nayenso anayamba kutengera. Ankayamba kuwathamangira, n'kuima, n'kucheukira mkulu wake, kenako n'kumutsatira kuseriko. A Nicolau ankatsala okha pabwalo ndi njinga yawo.

Anayesa zambiri. Anagula mafupa kumsika wa ku Milange, a Alzira n'kumawapereka ngati ochokera kwa iwo. Anamanga kakhumbi ka udzu pafupi ndi khitchini kuti mvula ikadzayamba galuyo asadzanyowe, munalowa nkhuku. Kumalire onyamula katundu akafunsa kuti, "Piloto ali moyo?" ankayankha mwachidule n'kupalasa. Mandasi anayamba kugula kwa mayi wina, kuopa kuti mayi Suzete awafunsa mmene agaluwo analandirirana. Tsiku lina anaima pamzere wokalapa kwa ansembe, nkhani yonse ataikonza m'mutu, koma atagwada ananena za kukwiya ndi za kujomba Misa, basi. Potuluka anadziuza kuti za galu si zotayitsa nazo nthawi ansembe. Mtima sunavomere.

Sukulu zitatsekera mu Disembala, Cremilda anatsika pa lole ndi chikwama chake mvula ikuwaza. Asanapereke moni kwa aliyense, Piloto anali atatuluka kale kuseri kwa khitchini. Kaya anamva fungo, kaya chiyani. Anabwera akudumphira pa miyendo itatu, akulira ngati kamwana, ndipo Cremilda anagwada m'matope ndi siketi yake ya kuntchito n'kumukumbatira. Bolacha, amene tsopano anali galu wa miyendo itaiitali, ankazungulira osadziwa chochita.

Mawa lake masana a Leonardo anabwera kudzaona mphwawo. Anakhala onse pakhonde akudya mango, Piloto atatsamiritsa mutu paphazi la Cremilda. A Leonardo anamuloza ndi khoko la mango.

"Koma nkhalamba iyi ndi yolimba. Mmene unagwera musi uja, ine ndinati basi tikumba dzenje. Bambo akowa, iwe, dzanja lawo si lamasewera."

"Musi?" anatero Cremilda.

"Eya, tsiku lomwe analuma kagalu..." A Leonardo anayang'ana mlongo wawo, kenako alamu awo. "Kapena ndasokoneza," anatero.

Palibe anawathandiza. A Alzira anasonkhanitsa makoko n'kulowa m'khitchini. Cremilda sanayang'ane bambo ake. Anapitiriza kusisita khutu la galu, dzanja likuyenda pang'onopang'ono, mpaka amalume ake atatsanzika.

A Nicolau anapita kumunda, ngakhale kunalibe chochita chachangu. Anazula udzu m'mizere ya chimanga mpaka dzuwa kupendeka. Atatukula mutu anaona mwana wawo ataima kumapeto kwa mzere, manja atawapinda pachifuwa.

"Pai, munandisiya ndikutemberera munthu woti kulibe."

"Ndinatero."

"Ndinapempherera kuti amene anachita zimenezi zimuonekere. Ndinayatsa kandulo. Mukudziwa zimenezo?"

A Nicolau anayang'ana udzu womwe unali m'manja mwawo. Ankafuna kunena za tayala, za kulira kwa kagalu, za mawu a a Leonardo, koma zonsezo atazilawa m'kamwa zinali zopanda mchere.

"Kumenya ndikanamvetsa," anatero Cremilda. "Munthu amapsa mtima. Koma njinga yofiira, pai? Mpaka mtundu?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikamabwerera ndimutenga. Kunyumba kwanga kuli khonde, ndipo ana a sukulu azimusamala ndikakhala m'kalasi. Kuno akukhala mobisala pakhomo pake pomwe."

"Pa lole sakakulola naye."

"Ndiona chochita."

"Ndikamutula ndine," anatero a Nicolau.

Cremilda anawayang'ana koyamba chiyambire masana aja. Anatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Masabata a tchuthi anadutsa mwaulemu wozizira. Cremilda ankawapatsa madzi osamba, ankawayankha akamufunsa, koma nthabwala zake zonse zinkathera kukhitchini kwa mayi ake. Tsiku lobwerera litafika iye anakwera lole, ndipo m'mawa mwake a Nicolau anamangirira dengu lalikulu pakaliyala ndi malamba a chubu, n'kuyalamo chiguduli. A Alzira ndi amene ananyamula Piloto n'kumuikamo, chifukwa m'manja mwa amuna awo sakanalola. Bolacha anamumangirira pamtengo wa papaya. Analira mpaka njinga itazimiririka pakona.

Msewu wa ku Molumbo nthawi ya dzinja si wa munthu wofulumira. Matope ankamata m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda, a Nicolau n'kumatsika kukokota ndi kamtengo. Pa zitunda ankakankha, pa mabampu ankatsika kuti dengu lisagwedezeke. Galuyo sanali wolemera. Zimenezo zinawadabwitsa, anazolowera matumba, ndipo kumbuyoku kunkangokhala ngati kulibe kanthu. Nthawi ndi nthawi ankacheuka kuti aone ngati alimo. Analimo, mutu uli pamphepete mwa dengu, mphuno ikugwira mphepo.

Pa mtsinje wina mlatho wa mitengo unali utakokoloka, ndipo anthu ankawoloka madzi ali m'chiuno. Panalibe a Alzira oti awathandize. A Nicolau anawolotsa kaye njinga, n'kubwerera. Anaima pambali pa dengu lomwe analisiya paudzu.

"Piloto," anatero, "palibe njira ina, bambo."

Analowetsa manja pansi pa chifuwa ndi pansi pa chiuno chopindikacho, mosamala. Thupi lonse la galuyo linauma gwa. Mtima wake unkagunda pa mkono wawo mofulumira ngati wa nkhuku. Koma sanalume, sanaphiriphithe. A Nicolau analowa naye m'madzi, akufufuza miyala ndi mapazi, ndipo pakati pa mtsinje, pomwe madzi ankakoka kwambiri, anapezeka akuyankhula. Sanali mawu okonzedwa. Ankangonena kuti, "Pepa, pepa mkulu, tafika, pepa," mobwerezabwereza, mpaka mnyamata wina wowolotsa mbuzi anawacheukira modabwa. Atafika tsidya anamutsitsa pamchenga. Piloto anadzikutumula, n'kudumphira pataliko pang'ono, n'kukhala atawafulatira.

Anafika kusukuluko dzuwa litapendeka, matope mpaka m'tsitsi. Nyumba ya Cremilda inali ya zidina zosawotcha, kuseri kwa makalasi. Iye anatuluka, anamasula dengu yekha, ndipo Piloto atangoponda pansi ananunkhiza khonde lonse, n'kuzungulira kawiri pakona ina yopanda mphepo, n'kugona ngati anabadwira pomwepo.

Cremilda anayang'ana bambo ake, miyendo yawo yotupa, malaya ong'ambika paphewa pomwe minga inawakola.

"Mwadya chiyani panjira?"

"Ndinalibe njala."

"Khalani pansi, pai." Anabwera ndi beseni la madzi ofunda n'kuliika kumapazi awo. Kenako, akubwerera kukhitchini, anati, "Muzigona konkuno. Msewu umenewu simungauyende kawiri tsiku limodzi."

Anagona pamphasa m'chipinda chochezera. M'mawa, akumanga dengu lopanda kanthu pakaliyala, ana a m'mudzimo anali atasonkhana kale kudzaona galu wa aphunzitsi wa miyendo itatu. Kamtsikana kena kanafunsa kuti mwendo winawo unatani. A Nicolau anaima, lamba uli m'manja, kudikira yankho.

"Anavulala kwathu," anatero Cremilda. "Musamamugwire m'chiuno, ndipo akamadya muzimusiya."

Anawaperekeza mpaka pamsewu n'kuwapatsa chinangwa chophika chokulunga m'tsamba la nthochi. Anati akafika pomwe pali netiweki amuimbire. A Nicolau anacheukira kukhonde. Piloto anali chigonere pakona yake, ana atamuzungulira, mmodzi akumuingitsira ntchentche ndi kanthambi. Sanatukule mutu. A Nicolau anaima pang'ono, kenako anakwera njinga n'kuyamba kupalasa, poti mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumapiri ndipo mtsinje uja ukanatha kudzadza asanafike.